Mkaka Wopanda Mwana: Moyo wa Mayi Luwiza Nambewe

Ambiri m'parishi muno ankawadziwa Mayi Luwiza Nambewe ndi nkhope, osati ndi dzina. Ukangoti, "amayi aja a manja akuluakulu, okhala pa benchi lakumbuyo," aliyense ankagwedeza mutu. Tawaika m'manda mwezi wathawu kumudzi kwa amuna awo, m'dera la Mlonyeni, ndipo Bambo Mfumu apempha kuti mbiri yawo ilembedwe m'kalata yathu ya parishi. Si mbiri yokoma kuilemba. Mayiwa anakhala zaka zoposa makumi awiri atasenza dzina loipa lomwe silinali lawo, ndipo amene anawasenzetsa ndi akhristu anzawo.

Anabadwira kwa Dambe m'chaka cha 1963, m'banja la alimi a chimanga ndi mtedza. Sukulu analekezera sitandade faifi, bambo awo atamwalira. Amene anakula nawo amati kanali kamtsikana kamanyazi kwabasi, koti mlendo akafika pakhomo kankabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka mlendoyo atatsanzika. Mayi ake aang'ono ankagwira ntchito yochapa kwa masisiteri, ndipo Luwiza ankapita nawo kukatunga madzi. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuchapa nsalu za pa guwa ndi kuzisita ndi simbi ya makala, osagwetserapo phulusa ngakhale pang'ono. Ntchito imeneyi anaikonda kuposa zonse. Ankati, "Nsalu ya Ambuye osaichapa uli ndi mkwiyo, imatuluka yamakwinya."

M'chaka cha 1982 anamanga ukwati woyera ndi a Benedicto Soko, ndipo anatengedwa chitengwa kupita kwa Mlonyeni. A Benedicto anali dalaivala wa mathiraki odutsa pa boda, kupita ku Chipata, ku Lusaka ndi kutsogolo. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Limbani, kenako anatseka. Pa tchalitchi chaching'ono cha kumudziko nsalu za pa guwa zinapeza mwini wake. Loweruka lililonse ankazichapa, kuziyanika pa chingwe chawochawo, kuzisita, n'kuzipinda m'dengu lomwe simunkalowa chinthu china chilichonse.

Pafupi ndi nyumba yawo pankakhala mlamu wawo, Mayi Dyna, mlongo wamkulu wa a Benedicto, amenenso anali wapampando wa amayi pa tchalitchipo. Tisawanamizire, sanali munthu woipa. Anali mayi wochangamuka, wa mawu ngati belu, wotha kuyendetsa yekha maliro a mudzi wonse. Chokhacho, akaona chinthu ndi maso awo sankadikiranso kufunsa.

M'chaka cha 2000 a Benedicto anapeza ntchito yonyamula katundu ku migodi ya ku Zambia, ndipo chaka chinatha osaponda kumudzi. M'nyengo yomweyo Mayi Luwiza anasiya kupita kumwezi, mutu n'kumawawawa kuseri kwa maso. Sanauze munthu. Zoterezi kwa iwo zinali zosatchulika ngakhale kwa mayi mnzawo. Tsono Lamulungu la Kanjedza, atavala bulauzi yoyera, anakweza manja kuti ayale nsalu pa guwa, amayi onse atakhala kale m'mabenchi. Pachifuwa pawo panali madontho awiri onyowa.

Mapemphero atatha, Mayi Dyna ndi amayi ena achikulire anawaitanira m'kachipinda kosungiramo makasu ndi matsache. Anawavula bulauzi, n'kuwafinya. Unatuluka mkaka, woyera ngati wa mayi woyamwitsa.

"Alamu," anafunsa Mayi Dyna, "mwana wa mkakawu ali kuti?"

"Palibe mwana, alamu."

"Nanga mtengo wouma umatulutsa utomoni? Alongo anga anachoka muno chaka chatha chimanga chisanache. Tiuzeni, mimbayo munakataya kuti?"

Mayi Luwiza anangoyang'ana pansi, manja ataphimba pachifuwa. Iwonso sankadziwa kumene mkakawo unkachokera. Kwathu kuno masamu a kusukulu amativuta, koma kuwerengera mnzathu miyezi timakhoza ndi mutu wokha. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamaliza masamuwo.

Patapita masiku anawaitana akuluakulu a tchalitchicho, motsogoleredwa ndi a Lameki, bambo wofatsa, wokonda mtendere. Anawakhazika pa mkeka pakati pa amuna.

"Amayi, ife sitikufuna kukuchititsani manyazi," anatero a Lameki. "Bambo Mfumu akabwera mukalape, nkhaniyi ithere pomwepo. Pakadali pano muyambe mwaima kulandira Ukaristia, ndipo nsalu zija mupereke kwa ena."

"Ndikalape chiyani, abambo?"

"Mukudziwa nokha."

"Machimo ndili nawo ambiri, ndipo ndimakaulula. Koma ili ndilibe. Ndikanamize Mulungu m'nyumba mwake momwe?"

A Lameki anapukusa mutu mwachisoni. "Amayi akuluakulu aona ndi maso awo. Galu wamkota sakandira pachabe."

Tinene poyera pano kuti akuluakuluwa analibe mphamvu yoletsa mkhristu ku Ukaristia, ndipo nkhaniyi sanaifikitse kwa ansembe. Ankati akumusungira mnzawo ulemu. Wansembe ankafika kumeneko mwa apo ndi apo, ali pa changu, ndipo Mayi Luwiza akanatha kumugwira mkono n'kumufotokozera. Koma akanayambira pati? Kutchula za m'thupi mwawo pamaso pa mwamuna, wansembenso, kunali kowavuta kuposa kukhala chete. Anapereka dengu la nsalu lija, n'kusamukira pa benchi lakumbuyo.

Kumudzi chilango chinali china. Mwambo umati mayi amene wataya mimba asathire mchere m'ndiwo za anthu, angawadwalitse tsempho. Choncho pa maliro ndi pa zikondwerero ankawatuma nkhuni ndi madzi, osawalola kufika pa mafuwa, ndipo ana anauzidwa kuti asamadye kwawo. Akhristu omwewo amene m'mawa ankaimba kuti amakhulupirira Mulungu mmodzi, madzulo ankaopa mchere wa Luwiza.

A Benedicto atabwera, anafikira kwa mlongo wawo. Kunyumba kwawo anangoima pakhomo, chipewa chili kumutu.

"Nambewe, ndiuzeni dzina lake basi. Sindimumenya."

"Kulibe dzina, bambo a Limbani."

"Ndiye kuti mudzi wonsewu ukunama?"

"Sukunama kuti mkaka unatuluka. Koma kulibe dzina."

M'mawa mwake anabwerera ku Zambia, ndipo pasanapite nthawi zinamveka kuti akwatira ku Chipata. Achibale a kwa Dambe anabwera kudzatenga mwana wawo, koma iwo anakana. "Ndinalumbira pa guwa," anatero, "ndipo ndikachoka pano ndiye kuti ndavomera." A Benedicto anamwalira m'chaka cha 2009. Thupi litafika kumudzi, pafupi ndi bokosi panakhala mayi wa ku Chipata, Mayi Luwiza n'kulirira kuseri kwa nyumba.

Pa zaka zonsezi thupi lawo linali likusintha pang'onopang'ono. Nsapato zinayamba kuwathina, mpaka anafika pogula masilipasi achimuna pa msika wa pa Boma. Zala zinakula, mphete ya ukwati inalowa m'mnofu, ndipo anachita kukaidulitsa kwa wokonza njinga. Anthu anati, "Mwaona, wavula mphete." Chibwano chinatuluka, mano anatalikirana, mphuno inafutukuka, mawu anatsika ngati a bambo, moti kwaya anaisiya okha. Kwa anthu a kumudzi panalibe chodabwitsa: kutupa nkhope ndi mapazi ndiye tsempho limenelo, tchimo likudya mwini wake. Ana ankawakuwiza kuti Achimanja. Mayi Luwiza anachotsa kalilole m'nyumba, ndipo poyenda ankakokera mpango kukamwa. Manyazi anawalowa mpaka m'mafupa, kufikira poti nthawi zina ankadzifunsa ngati panali tchimo lina lalikulu lomwe analiiwala, lomwe Mulungu ankawalangira.

Koma ku tchalitchi sanajombe. Atawalanda nsalu, anadzipatsa okha ntchito yomwe panalibe woilimbirana, yotsuka zimbudzi za pa tchalitchi ndi kuthiramo phulusa. Nthawi ya Ukaristia ikakwana, anzawo akupita pa mzere, iwo ankagwada kumbuyoko n'kunena chamumtima, "Ambuye, ine sindingabwere uko, bwerani ndinu kuno."

Kenako panabuka mlandu wina. Anayamba kudutsa anthu osawapatsa moni. Munthu akaima pambali pa njira, ngakhale wamkulu wa imvi, iwo ankangopitirira maso ali kutsogolo. Kwathu kuno ungabe nkhuku anthu n'kukukhululukira, koma kumana munthu moni ndi nkhani ina. "Tchimo ali nalo, mtima wakulanso," ankatero. Palibe anaganiza kuti mayiyo sakuwaona, ndipo iwonso sankadziwa kuti dziko lawo likuchepa cham'mbali, ngati munthu wosuzumira m'paipi.

Chimene chinawapulumutsa ndi ngozi. M'chaka cha 2013 akuwoloka msewu pa Boma, wa kabaza anawagunda kuchokera kumbali, ndipo iwo analumbira kuti sanamuone. Ku chipatala, dokotala wachitsikana amene anawasoka chilonda cha pa bondo anachedwa kwambiri kuyang'ana manja ndi nkhope yawo kuposa chilondacho. Anawauza kuti ayang'ane mphuno yake, n'kumagwedeza chala cham'mbali. Mayi Luwiza sanachione chalacho mpaka chitafika pafupi ndi kutsogolo. Anawatumiza ku Lilongwe kukajambulitsa mutu, ndipo a ku Lilongwe anawatumiza ku Blantyre, kwa madokotala a ubongo.

Wodwala sapita yekha ku chipatala chachikulu, amafunika womudikirira. Limbani anali ku Joni, wopanda mapepala oti n'kubwerera msanga. Mayi Dyna anamanga katundu. Sanapite chifukwa cha chikondi, anavomera okha pambuyo pake, koma poopa kuti anthu anganene kuti a kwa Soko ataya mkamwana wawo.

Dokotala wa ku Blantyre anali bambo wa imvi zapatalipatali, wolankhula modekha. Anawakhazika onse awiri, n'kuwaonetsa chithunzi cha mkati mwa mutu.

"Mayi, pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya mtedza. Timakatcha pituwitari. Kameneka ndi kapitawo wa thupi lonse. Ndi kamene kamalamula kuti mwana akule, kuti mayi apite kumwezi, kuti impso zisunge madzi. Kanu kamera chotupa. Si khansa, musaope, koma chakula ngati kandimu, ndipo chikufinya mitsempha ya maso. Manjawa, nkhopeyi, mawuwa, zonsezi ndi ntchito ya chotupacho. Zotupa zina zimamva mankhwala, koma ichi tikachisiya muchita khungu. Tiyenera kuchichotsa."

Kenako anatsitsa mawu. "Ndikufunsani mafunso ena amanyazi, mundikhululukire. Kumwezi munasiya liti?"

"Kalekale, adokotala, msinkhu wake usanakwane."

"Nanga zinachitikapo kuti mawere anatulutsa mkaka, mulibe mwana, mulibenso pakati?"

Mayi Luwiza anamva nkhope ikutentha ngati tsiku lija m'kachipinda ka makasu.

"Anakuuzani ndani, adokotala?"

"Palibe wandiuza. Chotupa cha mtundu uwu chimachita zimenezo kwa ambiri. Chimanamiza thupi kuti kwabadwa mwana."

Amene anafunsa funso lotsatira anali Mayi Dyna, ndipo mawu awo aja a belu anatuluka ngati a mwana. "Ngakhale mwamuna wake ali kutali?"

"Ngakhale namwali amene sanadziwepo mwamuna, mayi. Ngakhale bambo amene, nthawi zina."

Mayi Dyna anadzuka, n'kutuluka osatsanzika. Mayi Luwiza anakawapeza masana ku malo ophikira odikirira odwala, atakhala pansi pafupi ndi mpopi, chitenje chili kumaso.

"Alamu, ndinakupherani banja," analira Mayi Dyna. "Alongo anga anafa akukuyesani wachigololo, ndipo anamva kwa ine. Tikabwerera ndikaima kutsogolo kwa tchalitchi, ndikanena zonse."

"Ayi."

"Ayi bwanji?"

"Mawere angawa anakambidwa kale pagulu, kwakwana. Mukufuna anyamata a kwaya azikandiyang'ana pachifuwa? Ndipo mukanena, a Lameki adzayenda bwanji m'mudzi? Amayi aja anandifinya aja ndi agogo tsopano, ena anatisiya. Tchalitchi chonse chikaweramitsa mitu, azipemphera ndani?"

"Nanga dzina lanu?"

"Dzina langa Mwini wake akulidziwa. Ine chandikwanira n'chakuti si chilango, ndi matenda. Lonjezani, alamu."

Mayi Dyna analonjeza. Ena atamva zimenezi posachedwapa akuti Mayi Luwiza analakwa, chifukwa bodza silisungidwa ngati mbewu. Mwina akunena zoona. M'kuletsa kwawoko munali chifundo chachikulu, koma munalinso manyazi aja a kamtsikana kobisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo iwo eni sankatha kusiyanitsa ziwirizi.

Opaleshoni inachitika chaka chotsatira, kutabwera madokotala ena a kunja odzathandizana ndi a kuno. Anawafotokozera kuti sadzang'amba mutu. Adzalowetsa kapaipi ka kamera m'mphuno, kuboola kafupa kopyapyala kumapeto kwake, n'kukokolola chotupacho pang'onopang'ono. Sanawabisire zoopsa: madzi a mu ubongo atha kumadontha m'mphuno, maso atha kuipiraipira, ndipo munthu atha osadzuka. Mayi Luwiza anadinda chala chawo chachikulucho, n'kupempha wansembe.

Kwa wansembe wa pa chipatalayo, mlendo woti sadzakumananso naye, anafotokoza zonse kwa nthawi yoyamba, maso ali kukhoma. Wansembeyo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Ndiye zaka zonsezi amene anakuletsani ndani? Mpingo sunakuletseni, mayi. Tsegulani pakamwa." Analandira Ukaristia atagona pa bedi la chipatala, patapita zaka khumi ndi zitatu, ndipo analira mpaka anamwino anabwera kudzaona ngati pali chowapweteka.

Anadzuka ku opaleshoni mphuno zitatsekedwa ndi thonje, akupumira pakamwa. Kenako linabwera ludzu loopsa. Ankamwa madzi botolo ndi botolo, madziwo n'kumangodutsa, chifukwa kachiwalo kaja kanali katadodometsedwa ndi mpeni. Madokotala anawapatsa mankhwala, ndipo ludzulo linatha patapita masabata angapo. Masiku onsewo amene ankanyamula beseni kupita nalo kuchimbudzi anali wapampando wa amayi, Mayi Dyna, osanyinyirika ngakhale kamodzi.

M'mawa wina Mayi Luwiza ali chogona, maso ali kudenga, anati, "Alamu, mwavala mpango wobiriwira lero?" Mayi Dyna anali atakhala kumanzere, pambali penipeni. Anagwira pakamwa, n'kuthamangira kukaitana namwino. Diso lakumanzere linabwerera pafupifupi lonse, koma lakumanja linakhala momwemo, chifukwa mtsempha wake unali utafinyika nthawi yaitali. Dokotala anawauza zoona zake: chotupa chambiri chachoka, koma kachidutswa kena kanamatira pa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo anakasiya dala poopa kuwapha. Mutu unasiya kuwawa, thukuta linachepa, zala zinaphwa moti ankathanso kuyendetsa mikanda ya korona. Koma mafupa akakula sabwerera, nkhope inakhala yomweyo. Anawapatsanso mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse moyo wawo wonse, pakuti kapitawo uja anali atafooka, ndipo anawalamula kuti kwa miyezi ingapo asawerame, asamine, asasenze kanthu pamutu.

Kumudzi anthu ankayembekezera munthu wometedwa mpala, wa chipsera chochokera khutu ili kukafika khutu ilo. Anaona mayi akutsika minibasi tsitsi lili chilili.

"Opaleshoni ya mutu yomweyi?" anafunsa mayi wina.

"Analowera m'mphuno," anayankha Mayi Dyna.

"M'mphuno! Ngati fodya?"

Anthu anaseka, ndipo ambiri sanakhulupirire kuti kunachitika opaleshoni. Lamulungu lomwe kunabwera wansembe, Mayi Luwiza anadzuka pa benchi lakumbuyo, n'kulowa pa mzere wa Ukaristia. Masamu aja anayambiranso, ndipo yankho linapezeka msanga: imfa itawaopseza, akalapira kutali komwe sawadziwa. Misa itatha a Lameki anawagwira dzanja ndi manja awiri, misozi ili m'maso.

"Mwachita bwino, amayi. Lero kumwamba kuli chimwemwe. Ife tinakukhululukirani kalekale."

"Zikomo, abambo," anayankha Mayi Luwiza.

Mayi Dyna, amene anaima pambali pawo, anadziluma mlomo mpaka kutuluka magazi. Kuyambira pamenepo anthu anadabwa kuona wapampando akusesa pabwalo la mlamu wake, akumutungira madzi, akudya naye m'mbale imodzi ndiwo zothira mchere Luwiza yemweyo. Miyezi yoletsedwa kuwerama itatha, Mayi Dyna sanasiye. Pasanathe chaka anatula pansi udindo wawo, osanena chifukwa.

Zaka khumi zomaliza za Mayi Luwiza zinali zabata. Ankapita ku Lilongwe kukayezetsa nthawi ikakwana, mapiritsi awo sankaphonya, ndipo moni ankapatsa aliyense, ngakhale kwa a kudzanja lamanja ankachita kutembenuza mutu wonse. Limbani anabwerako ku Joni n'kumanga pafupi nawo, iwo n'kulera zidzukulu. Ntchito yawo yatsopano inali yoperekeza odwala ku chipatala, makamaka amayi amanyazi ngati iwo, oti akafika pamaso pa dokotala amangoti mutu ukuwawa pomwe vuto lili pena. Ankawanong'oneza pakhomo kuti, "Ukanene zonse, mwanawe. Dokotala si mlamu wako." Akamva amayi ayamba kuwerengera mtsikana wina miyezi, ankangofunsa funso limodzi, "Mwamutengerako kaye ku chipatala?" Ena ankatsinana, kuti taonani amene akulankhula.

Matenda aja anali atawasiyira mtima wotupa ndi shuga, ndipo chaka chino mphamvu zinayamba kutha. Anadzozedwa mafuta a odwala ali ndi nzeru zawo zonse. Tsiku lomaliza anapempha kuti awatulutse pakhonde, aone anthu akuthothola mtedza pabwalo. Mayi Dyna, nawonso okalamba tsopano, anawatsamiritsa pa miyendo yawo.

"Alamu," ananong'ona Mayi Dyna, "lonjezo lija ndife nalo?"

Mayi Luwiza anamwetulira. "Ndikapita, chifuwachi sichidzachitanso manyazi. Koma musakatchule maina."

Anayamba korona pamodzi. Cha pakati pake Mayi Dyna anazindikira kuti akuyankha okha. Dzuwa linali likadali pamwamba, ndipo ana pabwalo sanadziwe kuti agogo awo apita.

Pa maliro, woyankhulira mpingo anali a Lameki, atatsamira ndodo. Anayamikira ntchito za malemu, kupirira kwawo, chikondi chawo pa odwala. Kenako anati, "Tonse tikudziwa kuti mayi wathuyu anagwa ali wamng'ono, ndipo anaumitsa mtima zaka zambiri. Koma monga mwana wolowerera, anabwerera kwa Atate. Achinyamata, phunzirani kuti palibe tchimo lalikulu loposa chifundo cha Mulungu."

Pakati pa amayi okhala pafupi ndi bokosi panadzuka munthu. Pa mwambo wa maliro mayi sadula mawu a mkulu wa mpingo, ndipo ena anamukoka chitenje kuti akhale pansi.

"Ndisiyeni," anatero Mayi Dyna. "A Lameki, pepani, koma mwanama. Mwanama osadziwa. Mayi ali m'bokosiyu sanagwe. Mkaka uja unali wa matenda, chotupa cha m'mutu chija, ndipo ndinamva ndi makutu angawa kwa dokotala. Panalibe mimba, panalibe mwamuna, panalibe tsempho. Sanalape chifukwa panalibe choti alape. Anandiletsa kunena kuti inu ndi ine tisachite manyazi, n'kusenza yekha manyaziwo mpaka dzana. Anati ndisatchule maina. Nditchula limodzi lokha. Dyna."

Amayi amene ankalira mokweza anasiya, amuna anayang'ana nsapato zawo, ndipo wotsogolera kwaya anayesa kuyambitsa nyimbo koma palibe anamulandira. A Lameki anagwetsa ndodo, anayenda mpaka kumutu kwa bokosi, n'kugwada pa dothi ndi maondo awo okalambawo.

"Amayi, ndine Lameki," anatero. "Zaka zonsezi ndimayesa ndine ndakukhululukirani."

Anadikira pamenepo ngati munthu wodikira yankho, mpaka Limbani anabwera kudzawadzutsa.

Umu ndi mmene anakhalira ndi mmene anapitira Mayi Luwiza Nambewe, mkhristu amene anakana kunama pa kulapa ngakhale bodzalo likanamubwezera malo ake. Ambuye awalandire mu mpumulo wawo ndi kuwaunikira ndi kuwala kosatha. Tiwapempherere monga mwa mwambo wa Mpingo, koma tizichita tikudziwa kuti iwo sakusowanso mboni. Osowa chifundo ndife otsalafe.